Mtsuko wa Agogo ndi njala ya 1949

Papita miyezi ndisanalembe kanthu pano, moti ena mwakhala mukufunsa ngati ndinasiya. Sindinasiye ayi. Ambiri mukudziwa kale kuti mu Julayi 2025 tinaika m'manda agogo anga, mayi awo a mayi anga, kumudzi kwathu kufupi ndi Lunzu. Zikomo nonse amene munabwera kudzatipepesa, ndi amene munatumiza chipepeso muli kutali. Anyamata atatu a Form 4 ya 2009 amene munachezera nafe pamoto mpaka kucha, mukudzidziwa nokha, Mulungu akudalitseni.

Patapita masiku atatu chiikireni maliro, azimayi analowa m'nyumba ya Agogo kukasesa ndi kutulutsa katundu woti agawidwe. Sanali wambiri: zitenje, mabulangete awiri, timabuku ta kuchipatala, ndi buku la nyimbo limene sankatha kuwerenga koma ankapita nalo kutchalitchi Lamulungu lililonse. Pansi pa bedi, kuseri kwa sutikesi, anapeza mtsuko waung'ono wovundikiridwa ndi mbale yadothi, womata m'mbali monse. Msuweni wanga wina anabwerera m'mbuyo, amvekere tiyambe taitana abusa. Amayi anaseka misozi ili m'maso, n'kugogoda dothilo ndi mpeni. Munali mapira osakaniza ndi phulusa kuti asafumbwe, ndi kathumba ka nandolo pamwamba.

Ine mtsuko umenewo ndinkaudziwa, ndipo ndikudziwa chifukwa chake unkakhala pansi pa bedi. Koma kuti mumvetse, tiyambe ndi kalendala ya Agogo.

Agogo sankadziwa chaka chimene anabadwa. Pa chiphaso chaunzika chimene anajambulitsa mu 2017 panalembedwa 1932, ndipo chaka chimenecho ndinachita kusankha ndine, chifukwa iwo ankati mayi awo anawauza kuti anabadwa dzombe litagwa, ndipo dzombe lofiira linasakazadi minda kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Zaka zawo zonse ankawerenga choncho. Panali nthawi ya nkhondo ya Hitler, anyamata akutengedwa kupita ku usilikali. Panali "Kamuzu atangobwera". Panali "ndalama zitasintha", kunena 1971 pamene mapaundi ndi mashilingi zinasiyira malo kwacha ndi tambala. Panali "chaka cha nyali", kunena riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Njala zina zonse zinali ndi mayina: ya ufa wachikasu inali ya 1992, ya Muluzi inali ya 2002. Koma akangoti "chaka cha njala", osawonjezera kanthu, ndiye kuti akunena 1949.

Tili ana sitinkafunsa. Tinkangodziwa kuti Agogo ndi ovuta pa nkhani ya chakudya. Mkute sunkatayidwa. Ukagwetsa njere za chimanga pabwalo unkatola imodziimodzi iwo ataimirira pomwepo. Ndipo chaka chilichonse, anthu onse atadzaza minda ndi chimanga, iwo ankasiya mizere ingapo kumapeto kwa munda n'kubzalamo mapira. Mapirawo tinkadana nawo kwambiri, chifukwa akayamba kucha ntchito yoingitsa mpheta inali yathu, kuyambira m'bandakucha, tikumenya zigoba anzathu akusewera mpira. Ndikanyinyirika ankanditchula dzina lija agogo amatchulira adzukulu awo aamuna: "Amuna anga, mukathawa mbalame, njala mudzailimba?" Ine ndinkangoti ndi nthabwala za chigogo basi.

Mu 2000 ndinali ku Chancellor College ku Zomba, ndikuphunzira za uphunzitsi, History ndi Chichewa. Mu laibulale ndinapezamo buku la Megan Vaughan lotchedwa The Story of an African Famine, lotuluka mu 1987. Mayi ameneyu anaphunzitsapo pa koleji yomweyo, ndipo kafukufuku wake anachitira m'boma la Blantyre, m'midzi ya kwathu komwe. Zina mwa zimene analemba anazitenga m'nyimbo za pamtondo zimene azimayi ankaimbabe zaka makumi atatu njala itadutsa. Ndinaliwerenga masiku awiri osapuma. Kanali koyamba kuona dzina la Lunzu m'buku la History.

Mwachidule, zimene mabuku amanena ndi izi. Zaka ziwiri zam'mbuyo zokolola sizinali zabwino, kotero nkhokwe zambiri zinali kale zopepuka. Kumapeto kwa 1948 mvula inayamba, anthu anabzala, koma mu Disembala inadula mpaka Januwale 1949. Amene anali ndi mbewu anabzalanso, koma mu Malichi kunachitanso ng'amba. Madera amene anakhudzidwa kwambiri anali a kumtunda kwa Shire, makamaka boma la Blantyre, ndi mbali ina ya chigawo chapakati. Bwanamkubwa pa nthawiyo anali Geoffrey Colby, amene anali atangofika mu 1948. Boma linaitanitsa chakudya kunja, matani pafupifupi 25,000 m'zaka za 1949 ndi 1950, koma choyamba chinachedwa kufika. Musaiwale kuti njira yathu ya kunyanja yamchere inali njanji ya ku Beira, ndipo mlatho wa sitima ku Chiromo unali utawonongeka mu 1948. Nthawi yowawa kwambiri inali kumapeto kwa 1949 ndi kumayambiriro kwa 1950, pamene boma linatsegula misasa yodyetserako anthu amene anafookeratu. Chiwerengero cha boma cha anthu amene anafa ndi njala chinali pafupifupi 200.

Pa holide ndinapita kumudzi ndi nambala imeneyo m'mutu. Inu amene munapita ku koleji mukudziwa mmene mwana wa chaka chachitatu amayendera akafika kumudzi. Ndinapeza Agogo atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba akutonola chimanga, ndipo ndisanakhale n'komwe bwino ndinayamba kuwaphunzitsa. Ndinawauza za Colby, za mlatho, za matani. Kenaka ndinati, "Komatu Agogo, njala yanu ija sinaphe anthu ambiri ngati mmene mumanenera. Anangofa 200 dziko lonse."

Sanakwiye. Anandiyang'ana, n'kukankhira lichero pambali, n'kusesa pamphasa ndi dzanja. Anatenga njere imodzi ya chimanga, n'kutchula dzina la munthu, n'kuiika pansi. Anatenga ina, dzina lina. Ankanenanso kuti uyu anali mlongo wake wa uje, nyumba yake inali pamene pali mjigo lero, uyu anafera panjira akuchokera ku Matope. Ambiri anali nkhalamba ndi ana. Anaika njere 13, za m'mudzi mwathu ndi mudzi woyandikana nawo basi. Ndiye anafunsa, "Mzungu wakoyo awa anawalemba?"

Ndinayesa kufotokoza kuti nambalayo ndi ya boma la atsamunda, kuti mwini buku nayenso sankaikhulupirira, koma sankandimvera. Anali atagwira njere ina m'manja. Anaigwira nthawi yaitali, kenaka anatchula dzina la mwana wamkazi, n'kunena kuti, "Uyu anali wanga." Mpaka tsiku limenelo ine ndinkadziwa kuti mwana woyamba wa Agogo ndi amalume aakulu, obadwa mu 1954.

Zimene anandiuza madzulo amenewo ndizilemba mmene ndikuzikumbukira.

Anakwatiwa ali wamng'ono, mwina wa zaka 15 kapena 16, ndi mnyamata wa ku Ntcheu amene anabwera kuno kudzagwira ntchito m'minda ya fodya. Kwathu ndi kwa chikamwini, choncho mwamunayo anamanga nyumba pamudzi pa Agogo n'kupatsidwa munda ndi amalume awo. Mwana anabadwa m'chilimwe cha 1948. Mvula itadula chimanga chinali cha m'mawondo, ndipo ankati chinkapiringizika masamba ngati anyezi. Anabzala kachiwiri, mbewu ya m'nkhokwe yomwe akanadya. Pofika nyengo yozizira nkhokwe inali itagwetsedwa n'kusanduka nkhuni.

Mwamunayo anati apite kwawo akasume. Ulendo woyamba anabweradi patapita sabata ziwiri, atasenza chimanga chosakwana theka la thumba. Ulendo wachiwiri anapita cha mu Ogasiti, atatenga khasu ndi bulangete lokhalo limene anali nalo. Agogo ankati anadziwira pa bulangetelo.

Atatopa kudikira ananyamuka okha, iwo, mayi awo ndi azimayi ena a m'mudzi, mwana kumbuyo. Anawoloka Shire cha ku Matope n'kukwera mapiri a ku Neno, kumene mvula inagwako ndipo anthu anali ndi chinangwa ndi mbatata. Ena ankapitirira mpaka ku Mwanza ndi kutsidya kwa Apwitikizi. Kumeneko ankalima ganyu tsiku lonse kuti apatsidwe kadengu ka makaka kapena gaga. Anagulitsa mbale, mikanda ndi nsalu yachiwiri. Ulendo umenewu anayenda katatu. Pakati pa maulendowo ankadya mizu ya nthochi yosinja, mango osakhwima ophika, ndi mpama. Mpama umaledzeretsa ndipo ukhoza kupha ngati sunakonzedwe bwino. Mayi awo ankadziwa kuuwiritsa ndi kuuviika m'madzi masiku angapo chifukwa anapulumuka nawo pa njala ya 1922. Mabanja amene analibe nkhalamba yodziwa zimenezi ena anadwala nawo.

Chakudya cha boma chitafika, sichinali chaulere kwa aliyense. Chambiri chinali chogulitsa, ndipo ndalama Agogo akanazitenga kuti? Ndalama ya mayi wa kumudzi masiku amenewo inkachokera ku mowa, koma mowa unali utaletsedwa pofuna kusunga chakudya, ndipo ngakhale pakanapanda lamulo panalibe chofululira. Anakaima pamzere kuti alembedwe m'gulu la ovutikitsitsa. Kalaliki anafunsa ngati ali wamasiye. Anayankha zoona, kuti ayi, mwamuna alipo koma anapita kwawo. Kalalikiyo anati ndiye mwamunayo akusamaleni, n'kuitana wotsatira. Pamenepa Agogo anaseka pang'ono, anati, "Ndikanangonama kuti anafa. Mtsikana wa kumbuyo kwanga ananama, analembedwa."

Mkaka unauma m'mawere cha mu Disembala. Mwana anayamba kutupa mapazi, tsitsi n'kufiira. Anamwalira mu Januwale 1950, mvula ikugwa bwinobwino, chimanga chatsopano chili chobiriwira m'munda. Kunalibe kulira kwa masiku awiri ngati mmene tinachitira ife mu Julayi. Adzukulu analibe mphamvu, manda anangofika m'chiuno. Msasa wodyetserako anthu anaumva patapita sabata imodzi chiikireni mwanayo.

Mwamuna uja anabwera chimanga chitacha, atavala malaya atsopano. Agogo ankati anakhala pakhonde kuyambira masana akufotokoza za ulendo wake, ndipo anafunsa za mwana dzuwa litapendeka. Amalume awo a Agogo anaitanitsa ankhoswe, ukwati unatha sabata yomweyo. Sanali okha. Azimayi ambiri amene Vaughan anacheza nawo ankakumbukira 1949 ngati chaka chimene maukwati anatha.

Tsopano ndilankhule ngati mphunzitsi wa History pang'ono. Akuluakulu a boma la atsamunda anali ndi mayankho awo pa funso loti n'chifukwa chiyani kunagwa njala. Ankati anthu achuluka kuposa malo, nthaka yaguga chifukwa cha kalimidwe koipa, ndipo alimi atanganidwa ndi fodya m'malo mwa chakudya. Sankanena kwambiri za malo aakulu amene anali m'manja mwa azungu a maesiteti m'chigawo chakumwera, kapena za bungwe lawo la Maize Control Board, limene linakhazikitsidwa nkhondo itangotha ndipo linkagula chimanga kwa alimi pa mtengo wotsika, zimene sizinkalimbikitsa munthu kulima chochuluka. Vaughan anafunsa funso lina: chakudya chitachepa, ndani anachipeza ndipo ndani sanachipeze? Ogwira ntchito m'boma, kumishoni ndi m'makampani a ku Blantyre ndi Limbe ankalandira phoso kapena kugula motchipa kudzera kuntchito. Amene anali ndi kabizinesi ankatha kugula. Otsala anali okalamba, ana aang'ono, amasiye ndi akazi othawidwa. Dongosolo lothandizira anthu linkaganiza kuti mkazi aliyense wokwatiwa ali ndi mwamuna womudyetsa, pamene m'midzi ya chikamwini mwamunayo ndi amene anali woyamba kusowa.

Ine ndikugwirizana ndi mayi ameneyu, ndipo si chifukwa choti ndi nkhani ya agogo anga ayi. Ng'amba inagwera mudzi wonse mofanana, koma njere 14 zija sizinasankhidwe mwangozi. Panalibe kalaliki, mphunzitsi kapena telala wa pa Lunzu pakati pawo.

Za amunawo ndakhala ndikulimbana nazo. Nditawerenga koyamba ndinkawaona ngati zilombo. Pano ndakula, ndili ndi banja, ndipo ndimaona kuti mkamwini wa 1949 anali pamalo ovuta: munda si wake, ana amawerengedwa a kuchikazi, ndipo kwawo kuli mayi ake ndi alongo ake amene nawonso akumuyang'anira ngati mwini mbumba. Ena anapita ndi mtima wobwerera koma anakafooka komweko, ndipo ambiri anabweradi ndi chakudya n'kupulumutsa mabanja awo. Ndinayesapo kunena zimenezi kwa Agogo tsiku lina. Anati, "Mkamwini ndi mlendo, mlendo ndi mame. Zimenezo tinkazidziwa. Koma bulangete akanasiya." Sindinapitirize.

Agogo anga aamuna, amene ena a inu munawaona asanamwalire mu 1998, anali mwamuna wachiwiri. Anakwatirana mu 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba. Iwo ankagwira ntchito kunjanji ku Limbe, ndipo Agogo sankabisa: ankati anawalola chifukwa kunjanji kunali phoso, chikondi chinachita kubwera pambuyo. Ankanena zimenezi mwini wake ali pomwepo, iye n'kumangoseka.

Njala ija inasiya mwana wake, dzina lake malimidwe. Poti boma linakhulupirira kuti vuto linali kalimidwe ka anthu akuda, m'zaka za m'ma 1950 linalimbikira kukakamiza mizere yopingasa, migula ndi masiku obzalira. Wolephera ankalipitsidwa, kuzulidwa mbewu, ngakhale kumangidwa. Mizereyo payokha sinali yoipa, ndi yomweyi tikulimayi. Chimene anthu anadana nacho ndi chikwapu. Pa 6 Julayi 1958 Agogo anayenda wapansi kupita ku Chileka kukaona Dr Banda akutsika ndege, mwana wina kumbuyo wina kudzanja. Nditawafunsa ngati ankadziwa kuti chitaganya n'chiyani anati ayi, iwo anangomva kuti kukubwera munthu wodzathetsa malimidwe. Anati zolankhula sanamvepo kanthu, anthu anali ambiri ndipo mwini wakeyo ankalankhula Chizungu. Inu amene mumaphunzitsa za kukula kwa Nyasaland African Congress m'midzi, chitsanzo ndi chimenecho.

Za mapira anandiuza tsiku lomwe lija la njere. Anati mu 1949 nyumba zochepa zimene zinali ndi mapira ndi chinangwa zinakololako kanthu, chifukwa mapira amapirira dzuwa, amangoima ngati afa, mvula ikabwera n'kudzukanso. Iwo analibe, chifukwa achinyamata onse anali atatengeka ndi chimanga chosavuta mbalame. Kuyambira 1950 sanadumphepo chaka osabzala, ndipo akakolola ankasankha ngala zabwino, kupuntha, kusakaniza ndi phulusa, n'kutsekera mumtsuko wa pansi pa bedi. Osati m'nkhokwe, chifukwa za m'nkhokwe aliyense amaziona ndipo mwamuna akhoza kugulitsa.

Phindu lake ndinaliona ndi maso anga patangopita zaka ziwiri. Zokolola za 2001 zinachepa chifukwa cha mvula yochuluka ndi madzi osefukira, ndipo chimanga cha m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa. Mavenda ankayenda m'midzi ndi masikelo. Amalume anga ena ankafuna kugulitsa matumba kuti agule malata, Agogo anakhala pakhomo pa nkhokwe n'kunena kuti ayambe awanyamula iwowo. Anayambana mwezi wathunthu. Chimanga chimene pakati pa 2001 chinali pafupifupi K4 pa kilogalamu, kumayambiriro kwa 2002 m'misika ina chinafika K40. Pa 27 Febuluwale 2002 pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Ine ndinali nditangoyamba ntchito pa CDSS ina, m'kalasi la ana 60 mukubwera 20, ena akuwodzera pofika 10 koloko.

Nditapita kumudzi mwezi umenewo ndi kathumba ka madeya, ndinapeza anthu 11 akudya pakhomo pa Agogo, kamodzi patsiku. Ufa ankayeza okha ndi kapu, wa chimanga kusakaniza ndi wa mapira, ndipo kiyi wa chipinda anali m'khosi mwawo. Lamulo linali limodzi: woyamwitsa adye kaye, kenaka ana, amuna pomaliza. Amalume a malata aja ankadya pomaliza osatsegula pakamwa. Madzulo aliwonse Agogo ankatuma mwana ndi kambale kovundikira kupita kwa mtsikana wina wa kuseri, amene sanali mbale wathu n'komwe, mwamuna wake atapita ku Mozambique osabwerako. Mwana amene ankayamwa nthawi imeneyo ndi bambo tsopano, ndipo anali m'gulu la onyamula bokosi mu Julayi.

Tsopano ndifike pa chimene chandilepheretsa kulemba miyezi yonseyi. Dzina la mwana uja, mlongo wawo wa amalume, mkulu wawo wa amayi anga, Agogo analitchula kamodzi kokha, madzulo aja a mu 2000. Ine ndinali ndi kope ndi cholembera m'chikwama, koma sindinalembe. Ndinali ndi manyazi ndi zimene ndinanena, komanso ndinkati dzina ngati limenelo munthu sangaiwale. Ndinkati ndidzabwera ndi wailesi ya kaseti tidzajambule zonse bwinobwino. Kaseti inatha ntchito, kunabwera mafoni, ine ndikungonena kuti holide ikubwerayi.

Ndinakajambula mu Epulo 2023, namondwe wa Freddy atangodutsa, nditapita kukaona ngati nyumba yawo inapulumuka. Zimene ndinajambula ndi mphindi 11. Akudandaula za mawondo, akufunsa za ana anga, akunena za mapira amene anagwa ndi mphepo. Nditafunsa za dzina la mwana uja anakhala chete, kenaka anati, "Amuna anga, ndinakuuzani kale." Ndinachita manyazi kuvomera kuti ndinaiwala. Mu 2024, chaka chimene ng'amba ya El Niño inachititsa boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, mutu wawo unali utayamba kusokonekera. Ankandiona ngati mchimwene wawo amene anamwalira kalekale, ndipo ankangofunsa ngati mwana wadya. Sitinkadziwa kuti akunena mwana uti. Ine ndinkadziwa.

Pamaliro ndinafunsa amayi. Anati ankadziwa kuti kunali mwana, anamva kwa agogo awo, koma dzina sanauzidwepo. Amalume aakulu chimodzimodzi. Ndinayenda kwa nkhalamba ziwiri zimene zatsala m'mudzi. Wina anabwera kudzakwatiwa kuno njala itadutsa, winayo anali wamng'ono kwambiri. M'mutu mwanga muli mayina awiri amene amasinthanasinthana, ndipo sindilemba lililonse pano, chifukwa ndikalemba lolakwika ndi limene lidzakhale. Mayina 13 ena aja ndikukumbukirapo anayi.

Chaka chilichonse ndimaphunzitsa Form 1 za njira zodziwira mbiri yakale: zolembedwa, zofukula pansi, ndi zongomva kwa akuluakulu. Ndimalemba pa bolodi kuti kuipa kwa njira yachitatuyi n'koti okalamba amaiwala ndipo amakokomeza, ana n'kukopera, ndipo akayankha choncho pa mayeso ndimachonga. Agogo anasunga mayina 14 kwa zaka 50 popanda pepala. Amene anaiwala ndi wa digiri. Teremu yathayi nditafika pa mutu umenewu ndinaima kaye, ndinawauza ana nkhani yonseyi, ndipo belu linalira tisanalembe notsi.

Aphunzitsi anzanga, makamaka inu a ku Blantyre kumidzi, Chiradzulu, Neno, Mwanza ndi Zomba, ndili ndi pempho. Amene anali ndi zaka 10 mu 1949 panopa adutsa zaka 85. Atsala ochepa, koma alipo. Ine ndapatsa Form 3 yanga ntchito ya pa holide: aliyense apeze gogo mmodzi, amufunse za chaka cha njala, alembe mayina a anthu ndi malo tsiku lomwelo asanagone. Ndawauza kuti asapite ndi mafunso a pa pepala ngati apolisi, akakhale pamphasa athandize kutonola kapena kusenda nandolo, ndipo agogo aakazi akawafunse paokha agogo aamuna kulibe, chifukwa nkhani zimasiyana. Ndawauzanso kuti asakayambe ndi kuwauza okalambawo zimene buku likunena. Amene mungayese zomwezi m'sukulu zanu, tidzaphatikize zimene tapeza tikadzakumana kochonga mayeso. Nanu ana anga akale amene agogo anu ali moyo, foni muli nayo m'thumba.

Mtsuko uja unagwera ine, poti panalibe wina woufuna. Amayi akuti mapirawo ndi a 2023, omaliza amene Agogo anasankha ndi manja awo, kamdzukulutuvi kena kakuwathandiza kupuntha. Ndinatapa njere 20 n'kuziika pa kansalu konyowa pawindo la kukhitchini, monga amachitira anzathu a Agriculture, ndipo zamera 13. Ndagawa pawiri, theka ndatumiza kwa amayi kumudzi, theka ndibzala kuseri kwa nyumba ya sukulu mvula ikagwa. Ana anga ndawauza kale kuti ayambe kutolera zigoba.